Za makina okumbira Bitcoin aja, achimwene, imani kaye

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula. Mwati mwagulitsa mpunga wa chaka chino, kangachepe kali m'manja, ndipo pali munthu ku Johannesburg amene akufuna kukugulitsani makina otchedwa Antminer S19 ogwirapo kale ntchito kuti muzikumba Bitcoin kunyumba kwanu ku Nkhotakota, kutanthauza kuti makinawo azipanga masamu usana ndi usiku, inu n'kumalandira ndalama ya pa intaneti imeneyi. Mwafunsanso za waleti yabwino yosungiramo Bitcoin ndi za msonkho. Ziwiri zomalizazo ayankhe ena. Ine ndiyankha za makinawo, chifukwa ndinasungapo otere m'nyumba kuno ku Salima, ndipo mpaka lero mayi akunyumba akafuna kundikhalitsa chete amangoti "bambo a mafani aja."

Musagule. Yankho langa ndi limenelo, koma ndifotokoze, poti ndaona ena m'gulu muno akuyankha ngati nkhani yoweta nkhuku.

Ine ndinalowa kumapeto kwa 2021, pamene aliyense amakamba za crypto, ndalama za pa intaneti zija. Sindinagule makina a Bitcoin. Ndinasonkhanitsa makadi 6 a kompyuta, a RX 580, n'kuwamangirira pa kathandala ka matabwa kamene kalipentala wa pafupi ndi Kamuzu Road anandikhomera. Ndinkakumba Ethereum, ndalama ina ya mtundu womwewo. Miyezi iwiri yoyamba zinkaoneka ngati ndatola chikwama. Ndikadzuka m'mawa, ndisanasambe n'komwe, ndinkayamba ndaona pafoni kuti usiku wabweretsa zingati. Kenaka mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana uja, n'kuwononga malo opangira magetsi ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi. Mukukumbukira mmene magetsi ankathimira chaka chimenecho. Makina anga ankagona maola ambiri kuposa amene ankagwira ntchito. Tsiku lina magetsi atabwerera ndinangomva "phwa!", kafungo ka pulasitiki yopsa n'kudzaza chipinda. Power supply, kabokosi kogawira makadi magetsi, inali itapita, pamodzi ndi khadi limodzi. Ndinadikira pafupifupi masabata asanu kuti ina ifike kuchokera ku Lilongwe, ndipo itafika inali yogwirapo kale ntchito, ngakhale wogulitsa analumbira kuti ndi yatsopano.

Ndikupumirabe m'mwamba choncho, mu Seputembala 2022 Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makina mpang'ono pomwe. Anasintha kayendetsedwe kake konse, chimene ankachitcha Merge. Nkhaniyo inkamveka kalekale, ine ndinkangoti azengereza ngati mmene ankazengerezera zaka zam'mbuyo. Sanazengereze. Tsiku limodzi makadi a anthu mamiliyoni padziko lonse anasowa ntchito, onse n'kukhamukira pa tindalama tina ting'onoting'ono, phindu la pamenepo n'kutheratu. Ndinagulitsa makadi anayi kwa anyamata a magemu pa mtengo wosafika theka la umene ndinagulira.

Mwina mukuti imeneyo ndi Ethereum, Bitcoin ndi ina. Zoona, Bitcoin ikukumbidwabe. Koma tiyeni tione makina anuwo bwinobwino.

S19 imadya mawati pafupifupi 3,250. Ketulo yamagetsi ya kukhitchini imadya cha m'ma 2,000. Ndiye ganizani ketulo imodzi ndi theka zikubwata usana ndi usiku, osazimitsa, chaka chathunthu. Pa tsiku ndi mayuniti 78. Pa mwezi ndi opitirira 2,300. Tengani risiti ya mayuniti amene munagula komaliza, muone kuti anakupatsani angati pa ndalama zingati, muchulukitse nokha. Nyumba yanu yonse, ndi filiji ndi TV zomwe, sindikhulupirira kuti imafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezo. Komanso pulagi yathu ya mano atatu ija imathera pa maampu 13, pamene makinawa amakoka opitirira 14. Mukangowalumikiza pa soketi ya pabalaza, waya amatentha, soketi imasungunuka. Pamafunika waya wakewake wokhuthala kuchokera pa bokosi la magetsi, ndi munthu wa magetsi wodziwa ntchito yake, osati mnyamata wokonza mawailesi pamsika.

Nanga zolowa? Apa ndi pamene ogulitsa amalankhula mothamanga. Bitcoin imatulutsa mphoto kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, ndipo mphotoyo imadulidwa pakati zaka zinayi zilizonse. Itayamba mu 2009 inali ma Bitcoin 50. Mu 2012 inakhala 25, mu 2016 inakhala 12.5, mu 2020 inakhala 6.25, ndipo kuyambira Epulo 2024 ndi 3.125. Cha m'ma 2028 idulidwanso. Dziko lonse lapansi limagawana ma Bitcoin pafupifupi 450 pa tsiku, basi. Inu simungapate mphoto panokha, mumalowa mu pool, gulu la okumba ophatikiza mphamvu za makina awo, n'kumalandira kagawo molingana ndi mphamvu ya makina anu. Ndipo masabata awiri alionse dongosolo lake limadzisintha lokha: okumba akachuluka, masamu ake amalimba, kagawo kanu n'kuchepa ngakhale makina anu akulira mofanana ndi dzulo. Zili ngati thabwa limodzi la usipa loti mugawane, koma m'mawa uliwonse pagombe pakufika anthu ena atsopano ndi mabeseni akuluakulu kuposa lanu.

Pamene ndinaonera komaliza, makina a msinkhu wa S19 ankabweretsa madola 5 pa tsiku, pena kutsikirapo, pena kukwererapo pang'ono malinga ndi mtengo wa Bitcoin. Madola 5 pa mayuniti 78. Kutanthauza kuti yuniti ikapitirira masenti 6 kapena 7 a dola, mukugwirira ntchito mita. Mtengo wa makinawo sitinauwerengere, transipoti yochokera ku Joni ayi, za pachipata ayi, waya ayi.

Ndaona m'bale wina pamwambapa walemba kuti magetsi a kuno ndi otchipa ukawerengera dola pa mtengo wa mumsewu. Papepala zimaoneka choncho ndithu, sindikana. Koma pepalalo limaganiza kuti makina ayaka maola 24 tsiku lililonse, kuti masamu aja sakulimba, kuti palibe chopsa, ndiponso kuti mtengo wa yuniti sukwera. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'chiyani chimene chakhala pa mtengo umodzi? Ndipo fani ikafa kapena hashboard, bodi yopanga masamuwo, ikapsa, sipeya yake mukaigula ndi dola lomwelo la mumsewu. Kuwonjezera apo, kusinthitsa ndalama m'makona ndi mlandu paokha. Banki yaikulu ya Reserve inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka kugulira zinthu m'dziko muno, ndiye wina akakuthawitsani pa P2P, pogulitsana munthu ndi munthu, kodandaula n'kosowa.

Tsono kutentha. Achimwene, inu ndi ine timakhala kunyanja. Okutobala ndi Novembala timagona pakhonde. Magetsi onse amene makinawa amadya amatuluka ngati kutentha, palibe kumene amapita. Anga aja ankadya mawati osafika 1,000, koma chipinda chimene ndinawaikamo chinkakhala ngati uvuni wa mabanzi, moti kandulo imene tinaiwala pawindo inapindika n'kugona. Anuwo ndi katatu kuposa pamenepo. Akatentha kwambiri amadzichepetsa liwiro kapena kudzizimitsa okha, ndiye masana a chilimwe, pamene magetsi alipo, makina akupuma. Fumbi la nthawi ya mwera limalowa paliponse. Koma chimene sindidzaiwala ndi nkhungu. Madzulo ena zinatuluka m'nyanja, mphepo n'kuzikankhira kumtunda, ine ndili ku Senga Bay kwa mlamu wanga, windo ndinasiya lotsegula kuti mpweya uzilowa. Pobwera ndinapeza mafani onse atamatirira phala lakuda la tizilombo, lina litauma ngati chikhuthe cha pansi pa mphika. Ndinachezera usiku ndi mswachi wakale ndi tochi ya pafoni. Ku Nkhotakota nkhungu mumazidziwa kuposa ife, sindikuuzani zachilendo.

Phokoso nalo. Makadi anga ankangong'ung'udza. S19 imalira cha m'ma desibelo 75, kamvekedwe kake kosongoka, kosaleka. Chigayo chimatseka madzulo, ichi sichitseka. Ngati muli pa lendi, alandilodi akupezani sabata yoyamba. Ngati nyumba ndi yanu, akupezani ndi akazi anu.

Amene akuti "ingoikani sola" sanagwirepo kakyuleta. Kuti mupeze mayuniti 78 pa tsiku, ndi dzuwa lamphamvu la maola asanu, mukufunika mapanelo aakulu aja a mawati 550 opitirira 30, inverter yaikulu, ndi mabatire osunga moto wa usiku wonse. Mabatire okhawo adya mpunga wa zaka zingapo. Jenereta ndiye musayerekeze. Lita ya petulo imapereka mayuniti awiri, mwina kuposerapo pang'ono, ndiye ndi malita opitirira 30 tsiku lililonse kusaka madola 5, m'dziko limene timagona pa mzere wa mafuta. Ena amaganiza kuti popeza ku Nanjoka kuno kuli munda wa sola wa mamegawati 60, ndiye magetsi a Salima ndi apadera. Moto umenewo umalowa mu mawaya a dziko lonse, ife timagula yuniti mofanana ndi wa ku Mzuzu.

Anthu amene akupindula ndi mining masiku ano ali ndi chinthu chimodzi chimene inu ndi ine tilibe: magetsi otsala, otchipa kwambiri, amene palibe wina akuwafuna. China italetsa mining mu 2021, makina anasamukira ku Texas, ku Kazakhstan, ndipo pambuyo pake ambiri anapita ku Ethiopia kutsata magetsi a damu lawo lalikulu pa Blue Nile. Ngakhale kuno kwathu zilipo. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuli timakina ta magetsi a madzi timene timayatsa midzi, ndipo kampani ya Gridless inaikako makina okumba Bitcoin kuti azidya moto umene watsala anthu akagona. Pamenepo nzeru zake zikumveka, chifukwa madzi akuyenda kale, motowo ukanangotayika. Inu mukufuna kupikisana ndi anthu amenewa pogula mayuniti pa Mpamba. Ndipo dzifunseni chifukwa chimene munthu wa ku Joniyo akugulitsira. S19 inatuluka mu 2020. Makina atsopano ngati S21 amakumba kuwirikiza kawiri pa moto wofananako. Makampani akuluakulu akuchotsa akalewa m'mashedi mwawo ambirimbiri, ena atagwira ntchito zaka zinayi osapuma. Akawapukuta bwino ndi kuwajambula amaoneka atsopano. Chikomekome cha nkuyu.

Mwa mayankho onse, amene andidetsa nkhawa ndi a uja wakutumizirani linki ya "cloud mining", woti mungoika ndalama, makina ali kunja, inu muzingolandira tsiku ndi tsiku. Msuweni wanga anaikamo za fetereza. Masabata atatu oyamba ankatapa bwinobwino, anakokeramo anzake awiri a kutchalitchi, kenaka anauzidwa kuti alipire kaye "msonkho" kuti atape zotsala. Atalipira, tsamba linazimiririka. Chilichonse chokulonjezani phindu lokhazikika pa tsiku, n'kukupatsani bonasi mukabweretsa anzanu, thawani. Mining yeniyeni silonjeza kanthu, chifukwa ngakhale mwini makina sadziwa kuti mawa apeza zingati. Za mapulogalamu a pafoni odina kabatani kamodzi pa tsiku aja, dinani ngati muli ndi bandulo yotsala, koma foni sikumba Bitcoin, ndipo musalipire munthu kuti "akuthamangitsireni".

Ngati mtima wanu uli pa Bitcoin ndithu, njira yachidule ndi kugula pang'ono, ndalama imene ikatayika simugona ndi njala, n'kusunga. Ndinawerengapo mwakachetechete: ndikanangogula Ethereum ndi ndalama zimene ndinagulira makadi, matabwa, waya ndi mayuniti, ndikanakhala ndi yambiri kuposa imene ndinakumba, popanda mswachi. Mtengo wake umagwa koopsa, zimenezo dziwani, mu 2022 Bitcoin inatsika kuchoka pa madola pafupifupi 69,000 a Novembala 2021 kufika pansi pa 17,000. Koma simulipira mayuniti poyembekezera kuti ikwere.

Ndipo popeza mwatchula kuti kunyumba kwanu kuli pafupi ndi doko, ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana difiriza yaikulu ndi kasola kokwanira kuiyendetsa. Idya mayuniti awiri kapena atatu pa tsiku, osati 78. Ogula chambo ndi kampango opita nazo ku Lilongwe amasowa ayezi m'mawa uliwonse nthawi yotentha, ndipo amalipira pompopompo. Ndiko kunapita ndalama za makadi anga anayi aja, ndinawonjezera pang'ono n'kugula yogwirapo kale ntchito.

Ngati mwatsimikiza mtima kuti mugulabe, musatumize ndalama zonse musanaone makinawo akuyaka pa vidiyo ya pompopompo, tsamba lake la hashrate, loonetsa liwiro limene akukumbira, likuoneka, mabodi atatu onse akugwira ntchito kwa ola lathunthu, osati kavidiyo kojambula kale. Mugulenso chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu musanagule china chilichonse. Khadi limodzi ndidakali nalo, ndi kathandala kaja, pano timaikapo nsapato. Tsiku limene muzidzadutsa pa Kamuzu Road popita ku Lilongwe mundiuze ku inbox, ndikuonetseni power supply yopsayo.