Mwana akafuna kukodza kagetsi ka lamba katayaka

Eee alamu, mwaswera bwanji? Funso lanu lija ndalimva, lakuti kamnyamatako kakati "ndikufuna kukodza" m'ndege pamene kagetsi kouza anthu kuti amange lamba kayaka mudzatani, poti muli nokha ndi khanda m'manja. Ndingolankhula, kulemba ndichedwa.

Ndisakunamizeni, ndege ikayamba kuyenda kupita ponyamukira, ikamakwera, komanso ikamatsika kukatera, simudzuka. Kaya mwana alire bwanji. Si nkhanza za ma hostess ayi, iwonso ponyamuka ndi potera amakhala pansi atamanga malamba awo. Ndipo munthu akakhala m'chimbudzi ndege isananyamuke, amauza woyendetsa, ndege imadikira mpaka atuluke. Tangoganizani maso a anthu onse aja ali pa inu.

Ndiye nkhondo yake mumenyeretu pansi. Ku KIA kuja, bwalo la ndege la ku Lilongwe, mukamaliza za pasipoti ndi kusechedwa, kodikirira kuli zimbudzi. Akangoyamba kuitana okwera, mugwireni dzanja mupite naye. Musamufunse kuti "ukufuna?", mwana wa zaka zitatu ayankha kuti ayi, maso ali pa ndege pawindo. Ingomuuzani kuti tiye tikayese. Mukalowa m'ndege anthu akadali kulongedza zikwama, chitseko chisanatsekedwe, mutha kupemphanso, kawirikawiri amalola.

Chinanso, muone bwino tikiti yanu. Ndege zina za ku Joni zimayamba zatera ku Chileka. Kuchoka kuno kukafika Blantyre sipakwana ola, kagetsi kaja mwina kangozima pang'ono, mwinanso osazima n'komwe. Mukatera ku Chileka ndi pomwe mungapemphe, koma mufunse kaye, musangodzuka. Ikakhala yosayima paliponse, ndi maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono, mpata ulipo wokwanira.

Pamene ambiri amagwidwa ndi potera. Ndege imayamba kutsika kukatsala mphindi pafupifupi 30, kenako ikatera iyendenso pansi, OR Tambo ya ku Joni ija ndi bwalo lalikulu si la ku Lumbadzi ayi, kenako mudikire anthu atuluke. Mwana amene wamwa juwisi sangapirire zonsezo. Ndiye akangochotsa mbale za chakudya, katrole kaja kakachoka m'kanjira, nyamukani pompo. Musadikire kuti alengeze, chifukwa akalengeza aliyense amakumbukira chikhodzodzo chake, mzere mpaka pakati pa ndege.

Tsopano ili ndi lomwe mwina simulikonda. Muvekeni thewera, aja okoka ngati panti. Ndikudziwa anasiya kale ndipo amadzitama nazo, inunso munavutika kumuphunzitsa, koma tsiku limodzi silimubweza m'mbuyo. Mumuuze kuti ndi kabudula wa m'ndege, basi. Azipitabe kuchimbudzi monga mwa masiku onse, theweralo ndi longodikirira ngozi. Akakana ndithu, muyalireni chitenje chopinda pampando. Zovala zosinthira, zake ndi zanu zomwe, muike m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi jumbo yoikamo zonyowa, osati m'sutikesi yopita pansi. Ndipo zikachitika, chonde musamukalipire. Ma hostess aja anaziona zambiri, mkodzo wa mwana si nkhani kwa iwo.

Pali nthawi inanso, kagetsi kamayaka muli pakati pa ulendo chifukwa cha mphepo, makamaka dzinja lino mitambo ya mvula ili ponseponse. Ndege imadumpha ngati minibasi pa mabampu, kungoti kumwamba bampu simuliona likubwera. Apa ndi pomwe anthu amakangana, eti mwana wapanikizika, ndege ikuoneka kuti ili phee, bwanji akundiletsa? Ine maganizo anga ndi awa: dinani kabatani koitanira kali pamwamba panu, muwauze kuti mwana wafika posapirira. Iwo amakhala atamva kwa woyendetsa kuti kutsogolo kuli bwanji. Nthawi zina amakuuzani kuti dikirani pang'ono, nthawi zina amati pitani msanga mogwirira mipando. Koma mukaona iwo eni ake asiya ntchito akhala pansi, alamu, musayerekeze. Mu Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inakumana ndi mphepo yotereyi, munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, mpaka inakatera ku Bangkok. Amene sanamange malamba anamenyetsa mitu kudenga. M'chimbudzi mulibe lamba. Bola kabudula anyowe.

Oo, ndisaiwale. Chimbudzi cha m'ndege chimakoka ndi mpweya, phokoso lake ndi loopsa, fwooo! Ana ena akalimva kamodzi safunanso kulowamo, amangodzigwira mpaka kudzikodzera. Mutulutseni kaye kapena mumutseke makutu musanadine. N'chopanikizanso kwambiri, anthu atatu simukwanamo bwino, ndiye khandalo mupemphe hostess kapena mayi amene mwayandikana naye akugwirireni, musachite manyazi. Posinthira khanda pali kathebulo kotsitsa pamwamba pa chimbudzi pomwepo. Pampando musasinthirepo, anthu akudya.

Khandalo likhala pamiyendo panu poti silinakwane zaka ziwiri, ndege zambiri zimapereka kalamba kake kolumikiza ku lamba wanu. Potsika muliyamwitse, zimathandiza makutu kuti asapweteke. Wamkuluyo mupatseni siwiti azinyambita, osati chakumwa china, mwamva? Koma madzi musamumane ulendo wonse, azimwa pang'onopang'ono.

Polembetsa katundu muwapemphe mpando wa kukanjira, kuti musamadumphe miyendo ya anthu. Munditumizire chithunzi cha tikitiyo kumbali, osati pagulu pano, ndione ngati ikuyima ku Chileka. Achimwene muwauze akadikire ndi jekete la mwana, ku Joni madzulo kumatha kuzizira. Moni kwa amayi.