Pampu ya pa Facebook ndi munthu wa ku Tsangano

Funso: Ndimalima mbatatesi ku Bembeke, ndipo chilimwe chino ndatopa ndi kuthirira dimba ndi keni. Pa Facebook ndaona pampu yakale ya injini ya petulo, mtengo wake theka la wa m'sitolo. Mwini wake akuti ali ku Lilongwe. Akuti nditumize theka la ndalama pa Airtel Money, iye aikweza minibasi, zotsalazo ndidzapereke ikafika. Akutinso ndifulumire chifukwa wina wa ku Tsangano akuifuna. Nditumize?

Yankho: Musatumize bambo, ngakhale ya thiransipoti yokha.

Munthu wa ku Tsanganoyo ndimamudziwa. Amapezeka pa malonda aliwonse otere, lero ndi wa ku Tsangano, mawa wa ku Lizulu, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kukuthamangitsani kuti musafunse mafunso. Sindikunena kuti wogulitsayu ndi wakuba ayi, mwina pampu ilipodi. Koma pakadali pano chimene mwaona ndi chithunzi, ndipo chithunzi aliyense atha kuchitola pa tsamba la wina.

Muyeseni chonchi. Muuzeni alembe mawu oti "Bembeke" ndi tsiku la lero pa pepala, aliike pa thanki ya pampuyo, ajambulenso nambala yodindidwa pa injini. Kapena muimbirane pa WhatsApp muione ikulira. Mwini katundu weniweni sachedwa nazo zimenezi. Wabodza amayamba nyimbo: netiweki yavuta, pampu ili kwa malume, foni yasweka kamera. Funsaninso dzina limene nambala yake inalembetsedwa. Likasiyana ndi la pa Facebook, ndiye akuti "ndi ya mlamu wanga", imani pomwepo. Ndalama ikangotapidwa kwa ejenti, kuibweza ndi nkhani yovuta zedi.

Kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 basi. Ndalama ya minibasi ikuchepa kutalitali poyerekeza ndi theka limene akufunalo. Pitani nokha, mutenge makaniko, mukumane masana pamalo pa anthu.

Mukafika, musanailize, igwireni injiniyo ndi dzanja. Ikakhala yofunda ndiye kuti mwini wake waitenthetseratu, mwina imavuta kudzuka ikazizira, ndipo inu mukaidzutsa m'mawa wa Julaye ku Bembeke, kumene chisanu chake mukuchidziwa. Tsegulani poika oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Utsi wobiriwira ngati mtambo ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Ndipo kulira kokha sikupopa. Ikani paipi mu diramu kapena mu mtsinje, muone ngati ikukoka madzi ndiponso ngati sikudontha pakati pa pampu ndi injini, pamene pamakhala silo yoletsa madzi kudontha.

Mtengo wa theka la wa m'sitolowo ukundidetsa nkhawa pa chifukwa china. Mapampu amabedwa m'madimba, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, apolisi akafika pampu imapita, ndalama yanu yapita kale. Pemphani risiti imene anagulira. Ngati inatayika, lemberanani kalata yokhala ndi nambala ya injini, nambala ya chiphaso chake cha unzika, ndi mboni ziwiri. Mukatero perekani ndalama, pampu ili m'manja mwanu.

Wina akakuimbirani pambuyo pake kuti ndi wa kukampani ya foni ndipo akufuna PIN yanu kuti "atsimikize malondawo", dulani foniyo.