Chapati si nsima, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Coventry, kuno ku England. Funso lawo linali lalifupi: "Chapati changa chikangozizira chimauma ngati chikopa cha ng'oma. Ana amachiviika mu tiyi n'kumandiyang'ana mwachisoni. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, ndinaseka mpaka misozi, koma musakwiye, sindinkaseka inuyo. Ndinkadziseka ndekha, chifukwa chikopa chimenecho ndinachiwamba ine kwa chaka chathunthu nditangofika kuno ku Leicester.

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwathu ufa wa tirigu unkalowa m'nyumba pa Khirisimasi basi, wa mandasi. Zina zonse zinali chimanga: nsima, phala, chigumu, zitumbuwa. Manja anga anaphunzira kuti ufa umamvera mphamvu. Ukagwira mthiko, uponde poto kuti asathawe, uvundule mpaka thukuta litsike m'khosi, apo ndiye agogo amati mtsikana uyu akhoza kupita ku banja. Ndiye nditaona machapati ofewa, otupa ngati chibaluni, m'malo odyera a pa Belgrave Road, ndinati kanthu kochepa aka. Ndinagula plain flour, ufa woyera wa tirigu, ku supamaketi, n'kuthira madzi ozizira a pampopi pang'ono kwambiri, poopa kuti ungamate m'manja, n'kupanga chibulumwa cholimba ngati dothi loumbira mbiya. Ndinachipyapyalitsa nthawi yomweyo ndi botolo, kuwazawaza ufa wambiri pathebulo, kenako n'kuchiika pa chiwaya chofunda pang'ono poopa kupsereza. Chinakhala pamoto mphindi zisanu mbali iliyonse. Bambo a kunyumba kuno anachinyamula, kuchigogoda pa mbale, n'kufunsa ngati ndi chodya kapena chovundikirira ndiwo. Sitinalankhulane madzulo amenewo.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena achimwenye oyandikana nafe nyumba. Tsiku lina anandimva ndikukalipira mwana pakhomo, n'kundiyankha m'Chichewa chenicheni, cha ku Limbe kumene anabadwira. Ndinatsala pang'ono kugwetsa thumba la zogula. Anthu ambiri kwathu sadziwa kuti Leicester yadzaza ndi amwenye amene kwawo kwenikweni kunali ku Africa. Ambiri anachokera ku Uganda mu 1972, Idi Amin atawapatsa masiku 90 kuti achoke, ndipo khonsolo ya mzinda uno inafika polengeza m'nyuzipepala ya ku Kampala kuti asabwere kuno. Anabwerabe. Ena anachokera ku Kenya, ena kwathu komwe, m'zaka zomwezo za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linalamula amwenye kusiya magolosale a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Lero mzinda umene unkafuna kuwakanawo ndi umene alendo amadzaonerako nyali za Diwali, chikondwerero cha amwenye.

Agogowo anandiitanira kukhitchini kwawo. Anandiyang'ana ndikukanda, kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukulimbana nawo ufawu ngati ukuphika nsima ya pamaliro. Upatse madzi, ndipo uusiye ugone." Iwo sankanenanso kuti chapati. Chawo chinali rotli, monga amatchulira a Chigujarati, chopyapyala ngati mpango, chopanda mafuta pachiwaya. Akachitembenuza kawiri ankachiponya pa lawi la gasi lenilenilo, n'kutupa nthawi yomweyo, kenako kuchipaka ghee, mafuta a batala, pamwamba ndi kumbuyo kwa sipuni. M'mphindi makumi awiri mulu unali utakwera, atauvundikira ndi nsalu.

Apa ndiye ndinene zimene zimandiwawa. Ife timakonda kunena kuti zophika za azungu ndi amwenye n'zovuta, zimafuna zipangizo zodula, uvuni wamagetsi, sikelo. Bodza limenelo. Agogo aja analibe sikelo, ndipo chiwaya chawo, tawa, chinali chakuda bii, chachikale kuposa ine. Vuto ndi lakuti timabwera kwa tirigu ndi nzeru za chimanga. Mu tirigu muli gluten, amene akakumana ndi madzi amapanga tiulusi totanuka ngati legeni. Chimanga chilibe zimenezo, n'chifukwa chake nsima ungaivundule tsiku lonse siidzatanuka, ndipo chigumu chimanyenyeka. Tiulusi timeneti ukatikoka timakungika, ukatisiya timamasuka. Munthu amene wakanda ufa n'kufuna kuupyapyalitsa pompopompo amaona ukubwerera ngati ukukana, ndiye amawonjezera mphamvu, amawonjezera ufa wouma, n'kumaliza ndi chikopa chija. Ine ndafika pokhulupirira kuti theka la maphikidwe a pa YouTube amatinamiza, chifukwa mphindi makumi atatu zoti ufa ugone amazidula mu kanema, inu n'kumaona ngati zonse zimachitika motsatizana.

Ndipo zimenezi zinandipweteka kachiwiri pa masikono. Nditaphunzira kukanda bwino ndinayamba matama, ndinati tsopano tirigu ndamudziwa. Kutchalitchi kunali tiyi wa amayi, ine n'kudzipereka kubweretsa ma scone. M'mutu mwanga munali sikono ya kwathu ija, yayisiti, yofewa, yomwera tiyi wa mkaka m'tiyirumu. Dzina tinalitenga kwa azungu, ndipo n'zosadabwitsa poti a mishoni a ku Scotland anakhazikika ku Blantyre kuyambira 1876, koma chinthucho tinachisintha n'kukhala banzi. Scone ya kuno ilibe nayo ntchito yisiti. Imatupa ndi baking powder, ndipo imadana ndi kukandidwa. Ine ndinaikanda mphindi khumi, monyadira, mmene agogo aja anandiphunzitsira. Zinatuluka mu uvuni ngati miyala ya pa mtsinje wa Mudi. Mayi wina wachingelezi analuma imodzi, kumwetulira, n'kuibisa pansi pa kapepala kopukutira pakamwa. Ndinamuona.

Pa scone umafuna gluten asadzuke n'komwe. Umafikisa batala wozizira mu ufa ndi nsonga za zala mpaka uoneke ngati misere, kuthira mkaka, kusakaniza ndi mpeni kangapo kokha, basi. Magalamu 225 a self-raising flour (ufa wosakaniza kale ndi baking powder), 55 a batala, mkaka mamililita 150, uvuni wotentha madigiri 220, mphindi 12 kapena 15. Tirigu yemweyo, manja omwewo, koma kwina akuti kanda, kwina akuti usandikhudze. Kumeneko ku Coventry muli pafupi ndi Birmingham, kumene Alfred Bird anapanga baking powder mu 1843 chifukwa mkazi wake yisiti inkamudwalitsa. Kasitadi wa ufa uja timathira pa keke anapanganso ndi iyeyu, mu 1837, chifukwa mayi yemweyo mazira sankamuyanja. Amuna athu amve. Za mkangano wa ku Devon ndi Cornwall, madera a kuno ku England, woti pa scone uyambe kupaka kirimu kapena jamu, ndisaziyambe. Ine ndimapaka Stork ndipo palibe wandimanga.

Za ufa

Musagule plain flour ngati mukufuna chapati cha ku India. Pitani m'sitolo ya amwenye mufunse atta. Ndi mgaiwa wa tirigu, wogayidwa ndi gaga wake koma wosalala kwambiri, ndipo umamwa madzi ambiri kuposa ufa woyera. Wholemeal wa mu supamaketi si chimodzimodzi, ndi wamisere, umang'amba chapati. Amagulitsa matumba a makilogalamu 10, koma yambani ndi laling'ono.

Komanso mudzifunse kuti mukufuna chapati chiti. Chija cha ku Tanzania ndi Kenya, chimene ambiri tinachilawa pa maulendo a ku Dar es Salaam, chokhuthala, chamafuta, chosendeka m'magawomagawo, chili pafupi ndi chimene amwenye amati paratha. Chimenecho ufa woyera umatheka, koma chimafuna kupaka mafuta, kuchipinda ngati nkhata, n'kuchipyapyalitsanso. Ana anga amakonda chimenechi ndi nyemba, ndipo ndinasiya kulimbana nawo.

Nanga inuyo mutani mawa? Tengani makapu awiri a atta, mchere pang'ono, sipuni imodzi ya mafuta, ndi madzi ofunda pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kapu, kuthira pang'onopang'ono mpaka ufa ufewe ngati nsonga ya khutu. Ukamamata pang'ono musaope. Kandani mphindi zisanu ndi zitatu, vundikirani, muusiye theka la ola. Popyapyalitsa ufa wouma ukhale wongowaza. Chiwaya chitenthe kwambiri, dontho la madzi lizivina, ndipo chapati chilichonse chisapitirire mphindi imodzi ndi theka pamoto, chifukwa moto wochepa ndi umene umaumitsa. Chikapsa chiikeni msanga m'nsalu pamwamba pa chinzake kuti nthunzi ichifewetse. Oyamba awiri adzatuluka ngati mapu a Malawi, aatali ndi opindika. Amenewo idyani nokha kukhitchini ana asanaone.