Mafunso pa Chichewa: kulemba za mafilimu ndi masewero a pa kanema

Mafunso a ulendo uno achokera kwa ophunzira amene akulemba za mafilimu m'Chichewa, ndiponso kwa mnzathu wina amene amaika mawu a Chichewa pansi pa mavidiyo a pa YouTube.

Funso: Ndilembe kanema, filimu, vidiyo kapena sewero? Nanga ndi "kanemayu" kapena "kanemaka"?

Mawu anayi onsewa ndi abwino, koma sagwira ntchito imodzi. Kanema ndi dzina lotakata kwambiri: limanena bokosi loonerapo la m'nyumba, wailesi yakanema, komanso chithunzi chilichonse choyenda. Mukalemba kuti "kanema wa ku Malawi wasintha", wowerenga sadziwa ngati mukunena wailesi yakanema ya boma imene inayamba mu 1999 ndi dzina loti TVM, kapena mukunena ntchito za opanga mafilimu ngati Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula. Pa ntchito ya sukulu, filimu ikhale nkhani yathunthu imene munthu amaonera n'kumaliza pomwepo, monga The Last Fishing Boat ya mu 2012. Nkhani yobwera m'magawo, monga Tikuferanji, ndi sewero la pa kanema. Vidiyo isiyireni nyimbo ndi tizidutswa ta pa WhatsApp ndi TikTok.

Kumalo okopera mafilimu pa memori khadi anthu amati "sizoni" ponena sewero lonse. Polemba siyanitsani zitatu: sewero lonse, sizoni, ndi gawo. Muzilemba kuti "gawo 4 la sizoni 2".

Pa mgwirizano, "ka" wa kanema si wochepetsa ngati wa kamwana ayi. Timati kanema uyu, kanemayu, kanema wabwino. Filimu ndi vidiyo zimatenga "i": filimuyi, filimu yabwino, koma zikachuluka ndi mafilimu awa, mavidiyo abwino. Sewero ndi seweroli. Cholakwika chofala ndi kuyamba chiganizo ndi dzina lina n'kumaliza ndi mgwirizano wa dzina lina: "Filimuyi inatuluka mu 2017 ndipo linakondedwa kwambiri." Mutu unali utathawira kale ku sewero. Werengani ndime yanu mokweza, khutu lidzakugwirirani zimenezi.

Funso: Aphunzitsi akuti chidule changa chikumveka Chingerezi. Pofotokoza filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ndinalemba kuti: "William akuchotsedwa sukulu, akupeza buku, akumanga makina a mphepo." Chalakwika n'chiyani?

Mawu onse ndi a Chichewa, chalakwika ndi nthawi ya aneni. Olemba za mafilimu m'Chingerezi amafotokoza nkhani ngati ikuchitika tsopano, ndipo inu mwatengera chizolowezi chimenecho. Khutu la Mchewa likamva "aku-" wotsatizana chonchi limaganiza za woulutsa mpira pa wailesi, kapena a DJ omasulira mafilimu a ndewu m'mavidiyo shoo, amene amanena chinthu pomwe chikuoneka. Chidule si chimenecho. Wowerenga wanu sakuona chithunzi, mukumusimbira.

Pali zinthu zitatu zoti muzisiyanitse. Zochitika za m'nkhani zisimbeni ndi "-na-" kapena "-da-", monga timasimbira nkhani iliyonse: "William anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, anapeza buku mulaibulale n'kumanga makina opukusa magetsi ndi mphepo." Onani mmene "n'ku-" akulumikizira zochitika popanda kubwerezabwereza "ndipo". Sankhani mmodzi pakati pa "-na-" ndi "-da-" ndipo mukhale naye mpaka kumapeto. Onse ndi ovomerezeka, chosokoneza ndi kuwasakaniza m'ndime imodzi.

Zimene filimuyo imachita nthawi iliyonse munthu akaionera zitenge "-ma-": "Filimuyi imaonetsa mmene njala inagawira banja." "Aku-" abwere pokhapokha mwaimitsa chithunzi ndipo mukulongosola malo amodzi mwakuya: "Pa mphindi 40, kamera ikuyang'ana m'nkhokwe yopanda kanthu, mayi akuoneka chakumbuyo, ndipo palibe nyimbo." Apa ndiye pake, chifukwa mukumuuza wowerenga kuti ayang'ane pamodzi nanu. Muzilemba mphindiyo nthawi zonse kuti wina athe kukapeza malowo.

Nkhani ikabwerera m'mbuyo, zimene m'phunziro la zolembedwa timati kalozam'mbuyo, gwiritsani "anali ata-": "Bambo ake anali atagulitsa kale mbewu." Mukapanda kutero, tsatanetsatane wa nkhani amasokonekera, wowerenga n'kuyesa kuti zonse zinachitika motsatana monga mwazilembera.

Funso: Munthu wosewera ndi munthu wa m'nkhani ndiwasiyanitse bwanji?

Mawu alipo kale m'mabuku a Chichewa a ku sekondale. Munthu wa m'nkhani ndi mpangankhani, munthu weniweni ndi wosewera kapena katswiri wa zisudzo. Michael Usi ndi wosewera, Manganya wa m'sewero la Tikuferanji ndi mpangankhani, ngakhale anthu anazolowera kumutchula mwini wakeyo ndi dzina la m'sewero. Khalidwe mulipereke kwa mpangankhani, luso kwa wosewera. Pamene nkhani yafika poipa kapena pokoma penipeni ndi pampondachimera, musavutike kupeka mawu ena. Mitu ya mafilimu musaimasulire, ilembeni momwe eni ake anaitchulira.

Funso: Mawu a Chichewa amene ndimaika pansi pa vidiyo amatalika, anthu samaliza kuwerenga. Nditani?

Yambani ndi muyezo. Malamulo a Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, a mawu a Chingerezi amati mzere umodzi usapose zilembo 42, kuwerengera ndi mipata yomwe, mizere isapose iwiri, mawu asakhale pa chithunzi kupitirira masekondi 7, ndipo liwiro likhale zilembo 20 pa sekondi kwa akuluakulu, 17 kwa ana. Pa Chichewa ine ndingakulangizeni 17 kwa onse, chifukwa mneni wathu amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'mawu amodzi, ndipo diso limachedwa pa mawu ngati "sindinakamuuzenso". Munthu akalankhula masekondi awiri, muli ndi zilembo 34 basi.

Tengani chiganizo ichi: "Sindikudziwa ngati bambo ako adzabwerenso kuno mawa." Chili ndi zilembo 52, chikufuna masekondi atatu. "Kaya bambo ako abweranso mawa." chili ndi 30, ndipo ndi mmene mayi angayankhulire kwenikweni ndi mwana wake. Nthawi zambiri kutalika kumabwera chifukwa chotsatira Chingerezi liwu ndi liwu. Chichewa cholankhula chili ndi mawu afupi amphamvu: kaya, basi, ayi, zoona, bwanji, eti. Chotsaninso "ine", "iwe" ndi "iye" pamene mneni wanena kale mwini wake, kupatula ngati wolankhulayo akutsindika.

Podula mzere, musasiye "wa", "ya", "cha", "ndi" kapena "kuti" kumapeto. Muzidula chonchi: "Ndapeza kalata / ya amalume ako", osati "Ndapeza kalata ya / amalume ako". Mneni musamudule pakati.

Chovuta kwambiri si kutalika koma ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loti "you" pamene ife tili ndi iwe ndi inu, choncho musanayambe lembani papepala ampangankhani onse ndi mmene aliyense amaitanira mnzake. Mwana kwa kholo ndi inu. Mkamwini kwa apongozi ndi inu, ngakhale atakangana chotani. Mwamuna ndi mkazi wake zimadalira msinkhu ndi banja lake, koma mukasankha musasinthe popanda chifukwa. M'sewero la magawo 20, mkazi amene wakhala akunena "inu" kwa mwamuna wake akangoti "iwe" m'gawo 12, Achewa onse amva kuti ukwati wagwedezeka. Ngati nkhaniyo ikufuna zimenezo, mwapeza chida chabwino. Ngati munangoiwala, mwalowetsa mkangano umene mlembi sanalembe.

Funso: Ndikulemba za The Boy Who Harnessed the Wind. Ndifotokoze bwanji za Chichewa chake popanda kungoti "sichikumveka"?

Filimuyi inatuluka mu 2019, nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo muli Chichewa chambiri. Chiwetel Ejiofor wa ku Britain anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo, Maxwell Simba wa ku Kenya ndi William, pamene Lily Banda wa konkuno ndi Annie, mlongo wake wa William. Muli ndi mwayi woyerekeza obadwa nacho chiyankhulo ndi ochiphunzira m'banja limodzi la m'filimu.

Mvetserani zinthu zitatu. Choyamba ndi mpweya wa ph, th ndi kh: kuponya si kuphonya, pala si phala. Chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene sitikulemba koma timakumva: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, katchulidwe n'kosiyana. Chachitatu ndi kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene munthu akupuma, monga "dzi" wa "sindikudziwa". Wophunzira akalikoka pena, chiganizo chimamveka chachilendo ngakhale mawu onse ali olondola. Sankhani malo atatu kapena anayi, lembani mphindi yake, mawu amene ananenedwa, ndi chimene chasiyana mwa zitatuzi. Muonenso ngati mawu a Chingerezi olembedwa pansi akugwirizana ndi zimene zikunenedwa m'Chichewa, chifukwa woonera wa kunja amangodalira amenewo.