Galimoto Ikakana Kulira pa -30°C: Yankho kwa Achemwali a ku Winnipeg

Imelo iyi yachokera kwa mlongo wathu wina amene wangosamukira kumene ku Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba ku Canada. Walemba kuti: "Ndinagula galimoto yakale ya petulo, ya otomatiki. Mpaka November inkalira bwinobwino. Sabata ino kwazizira kufika -30°C, ndipo m'mawa ndikapotokola kiyi imangoti khe-khe-khe, kenaka zii. Kutsogolo kwake kuli kachingwe ka magetsi kolendewera koma sindikudziwa ntchito yake. Kodi anandigulitsa galimoto yakufa?"

Pepani achemwali, ndipo mtima m'malo. Galimotoyo si yakufa. Kulira kwa khe-khe-khe kumeneko kukuloza ku batire, ndipo kachingwe mukukaonako ndi kamene kadzakuthandizeni mpaka March. Koma dziwani chinthu chimodzi: kumalo ozizira chotere, galimoto yoti ilire m'mawa imakonzedwa madzulo a dzulo lake. Mukadikira kuti muyambe kulimbana nayo 7 koloko mutavala kale zakuntchito, mwachedwa.

Tiyambe ndi batire. Magetsi ake amachokera ku asidi ndi mtovu zimene zili mkatimo, ndipo kukazizira zinthu ziwirizi zimagwira ntchito mwaulesi, moti mphamvu ya batire imatha kutsika mpaka theka. Nthawi yomweyo oyilo wa mu injini amakhala atalimba ngati uchi wogonera pozizira, ndiye sitata imafuna mphamvu zochuluka kuti itembenuze injini. Batire yafooka, katundu walemera. Batire yotopa imene inkakwanitsa mu September imagonja tsiku loyamba lozizira kwenikweni.

Tsegulani boneti muone chikalata chomata pa batirepo. Pali zinthu ziwiri zofunika. Choyamba ndi tsiku limene inapangidwa: batire yambiri imatumikira zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo ngati yanu yadutsa zinayi, ine ndingati musinthe osadikira kuti ikusiyeni pamsewu. Chachiwiri ndi nambala yolembedwa CCA, imene imanena kuchuluka kwa magetsi amene batireyo ingapereke kwa masekondi 30 pa -18°C. Pogula ina, musatsike pa nambala imene buku la galimoto yanu likunena. Masitolo ambiri ogulitsa zipangizo za galimoto amayeza batire, ndipo ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, mukhoza kuyeza nokha galimoto itagona usiku: 12.6V ndiye kuti ndi yodzaza, 12.2V ili chapakati, pansi pa 12V yatha. Izi si nkhani ya kulira kokha ayi. Batire yodzaza siuma n'kukhala ayezi ngakhale pa -40°C, pamene yakutha, chifukwa asidi wake wasanduka pafupifupi madzi, imatha kuuma cha pa -10°C, n'kutupa, n'kung'aluka.

Chimene chimapha mabatire a anthu obwera kumene ndi timaulendo tifupitifupi. Mwachoka kunyumba kupita kuntchito mphindi khumi, hita ili pamwamba, magetsi akuyaka, mipando ikutenthedwa, galasi lakumbuyo likusungunulidwa. Alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, siikhala ndi nthawi yobwezera zimene sitata inatenga. Tsiku ndi tsiku batire ikuchepa mwakachetechete. Muziipatsa ulendo wautaliko kamodzi pa sabata, kapena gulani kachaja kakang'ono kolumikiza ku batire usiku.

Tsopano kachingwe kaja. Ndi ka block heater, kachitsulo kotenthetsa kamene kanaikidwa mu injini kuti kazifunditsa madzi ake, ndipo kufunda kumeneko kumafika ku zitsulo ndi ku oyilo. Mwina mwaona kale timizati tokhala ndi masoketi m'malo oimika galimoto kumafulati ndi kumaofesi. Ntchito yake ndi imeneyi. Amene anayambitsa kachipangizoka anali pafupi ndi kwanuko: Andrew Freeman wa ku Grand Forks, ku North Dakota, mzinda umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Red womwewo umene umadutsa mu Winnipeg. Analandira chiphaso cha umwini wake mu 1949. Lumikizani chingwecho kukamazizira kupitirira -15°C. Maola atatu kapena anayi musananyamuke ndi okwana. Kusiya usiku wonse kumangodya magetsi, choncho ngati mumalipira nokha, gulani timer yoti iziyatsa yokha mbandakucha. Chingwe chowonjezera chikhale chopangidwira panja pozizira, chifukwa cham'nyumba chimauma n'kuthetheka. Yang'anani kuti kachingwe ka pagalimotoko sikanasupuke pena pake, poti chingwe chosupuka chimayatsa moto. Kuti mudziwe kuti ikugwira, lumikizani, dikirani maola angapo, kenaka gwirani pa injini. Pazikhala pofunda pang'ono. Ndipo chingwe chowonjezeracho muzichikoleka pa kalilole wa mbali ya dalaivala, kuti musaiwale kuchotsa n'kunyamuka nacho. Chenjezo limodzi: block heater siitchaja batire. Imangopeputsa ntchito ya batireyo.

Pali nkhani imene ndikufuna muimve bwino kuposa zonse, chifukwa ndi chizolowezi chochokera kwathu. Kumudzi redieta ikachepa madzi timangotunga pampopi n'kuthira, ndipo galimoto imayenda zaka. Ku Manitoba musayerekeze. Madzi akauma n'kukhala ayezi amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu imeneyo imang'amba redieta, mapaipi, ngakhale injini yeniyeniyo. Batire mugula ina tsiku lomwelo, koma injini yong'aluka pa galimoto yakale nthawi zambiri ndiye mapeto ake. Chofunika ndi antifreeze, mankhwala oletsa madzi kusanduka ayezi, wosakaniza ndi madzi. Theka ndi theka amateteza mpaka cha pa -37°C. Magawo 60 a antifreeze ndi 40 a madzi amafika cha pa -50°C, ndipo poti Winnipeg nthawi zina imayandikira -40°C, umenewu ndi umene ndingasankhe. Musaganize kuti kuthira antifreeze yekha ndiye kuchenjera, chifukwa wosasakaniza amauma msanga, cha pa -13°C. Popeza simukudziwa chimene mwini wake wakale anathiramo, pemphani makaniko ayeze. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Redieta musatsegule injini ili yotentha.

Madzi otsukira galasi nawonso akhale olembedwa -40°C kapena -45°C. A nyengo yotentha amauma m'kathanki momwemo, ndipo mudzawafuna kwambiri pamene matope amchere a pamsewu aphimba galasi. Galasi likachita ayezi palani ndi chopalira. Madzi otentha amaswa galasi. Oyilo wa 20W-50 amene amakanika ambiri kwathu amakonda, kuno ayi. Thirani amene buku likunena, kawirikawiri 0W-20 kapena 5W-30, ndipo wa synthetic amayenda bwino pozizira.

M'mawa wake chitani chonchi. Zimitsani hita, wailesi ndi magetsi, kenaka potokolani kiyi osapitirira masekondi khumi. Ikakana, dikirani mphindi imodzi. Ikakana katatu, lekani, chifukwa mukungomaliza batire ndi kutentha sitata. Kupondaponda mafuta sikuthandiza pa magalimoto amakono. Kuitana anyamata kuti aikankhe, monga timachitira kwathu, sikutheka pa otomatiki. Chotsala ndi kubwereka magetsi kwa mnansi. Chingwe chofiira chiyambe pa + ya batire yakufa, mbali inayo pa + ya batire yamoyo. Chakuda pa − ya batire yamoyo, ndipo mbali yotsiriza ipanidwe pa chitsulo chosapentedwa cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, kuti kathetheka kalikonse kasakumane ndi mpweya umene batire imatulutsa. Pochotsa yambirani kumene munamalizira. Koma mukaona kuti batire yatupa m'mbali kapena yang'aluka, musalumikize chilichonse. Batire youma imatha kuphulika.

Ikalira, simufunika kuisiya theka la ola ikungolira pabwalo. Mphindi zochepa, pamene mukupala magalasi kuti muziona bwino mbali zonse, n'zokwana. Kenaka yendani mofatsa makilomita oyambirira, chifukwa injini imafunda msanga ikamayenda, ndipo giyabokosi ndi matayala sizifunda galimoto itaima. Musailize m'garaja yotseka. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu asanazindikire.

Simunafunse za matayala, koma sindingawasiye. Matayala wamba amayamba kuuma kukazizira kupitirira 7°C, ndipo pa ayezi amangotsetsereka. Gulani a nyengo ya chisanu, onse anayi, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Ku Quebec ndi lamulo kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March. Ku Manitoba si lamulo, koma ine sindingatenge ana m'galimoto yopanda matayala amenewa. Mpweya wake umatsika pafupifupi 1 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) pa madigiri 5 kapena 6 alionse amene kwazizira, ndiye muziyeza pafupipafupi. Handibuleki imatha kumatirira usiku wozizira kwambiri. Pamalo athyathyathya giya ya P ndi yokwana.

Thanki isamatsike pansi pa theka, ndipo m'galimoto muzikhala bulangete, magolovesi, chipewa, fosholo yaing'ono, tochi, zingwe zobwerekera magetsi ndi chaja ya foni. Mukatuluka mu mzinda, midzi ya ku Manitoba ndi yotalikirana, ndipo pozizira chotere pali mphepo khungu losaphimba limawonongeka m'mphindi zochepa. Mukatitimira m'chipale chofewa, imbani foni n'kukhala m'galimoto momwemo, osayamba kuyenda pansi. Fukulani chipale chimene chatseka ekizozi musanalize injini, tsegulani windo pang'ono, ndipo muziiliza pafupifupi mphindi khumi pa ola lililonse kuti mafuta akufikitseni pamene thandizo lidzabwere.