Kutumiza ophunzira kukatumikira anthu: poyambira pake, nanga kukwezedwa pantchito?

Mayi wina amene wangoyamba kumene kuphunzitsa ku yunivesite, m'gawo losula aphunzitsi, wanditumizira imelo. Akuti amasirira mapulofesa amene ntchito yawo yonse anaimanga pa service learning, kutumiza ophunzira kukagwira ntchito pakati pa anthu ngati mbali ya kosi. Akufunsa kuti ayambire pati, komanso ngati njira imeneyi siingawachedwetse kukwezedwa.

Mayi, musayambire pa ophunzira anu, yambirani pa omwe mukufuna kuwatumikirawo. Robert Sigmon, mmodzi mwa omwe anayambitsa maphunziro a mtunduwu ku America, analemba mu 1979 kuti otumikiridwa ndiwo ayenera kulamulira thandizo lomwe akulandira. Ambiri amagwera pomwepa. Amakonza kosi yonse ali mu ofesi, ndiye kutatsala sabata imodzi n'kuimbira mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina kuti akubweretsa ophunzira 40. Iye amavomera chifukwa cha ulemu chabe, kenako alendowo amangokhala kumbuyo kwa kalasi, opanda chochita, ana n'kumawacheukira.

Pitani nokha kudakali semesita yathunthu. Kafunseni ntchito imene ikusowa manja, ndipo mutenge yokhayo imene ikugwirizana ndi zolinga za kosi yanu. Mukamvana, lembani mgwirizano wa tsamba limodzi kapena awiri: ophunzira angati, masiku ati, owayang'anira ndani, ndi zomwe saloledwa kuchita, monga kukhala okha ndi mwana kapena kujambula ana n'kuika pa Facebook. Ikani pamodzi kalendala ya sukuluyo ndi yanu, chifukwa tchuthi ndi mayeso sizigwera nthawi imodzi, ndipo masabata omwe mumawerengera amatha kuchepa kwambiri. Kumene malamulo amafuna kuti wogwira ntchito ndi ana afufuzidwe kaye mbiri yake, yambani msanga; zimenezi zimadya nthawi.

Chaka choyamba tengani sukulu imodzi ndi ophunzira osapitirira 20. Aliyense maola awiri pa sabata kwa masabata 10, tsiku lomwelo, ana omwewo. Zoti onse apite tsiku limodzi n'kujambulitsa zithunzi, zisiyeni.

Pa nkhani ya malikisi ndiye ndichedwepo. Malikisi musapereke chifukwa cha maola. Maola ndi chiphaso cholowera basi. Perekani chifukwa cha zomwe wophunzira wasonyeza kuti waphunzira. Njira yolembera zomwe munthu waphunzira yotchedwa DEAL, ya akatswiri a zamaphunziro Sarah Ash ndi Patti Clayton, imathandiza: wophunzira afotokoze zomwe zinachitika osaonjezera maganizo ake, azisanthule pogwiritsa ntchito mfundo za m'kalasi, kenako anene chomwe waphunzira ndi chomwe adzachite mosiyana. Tinene kuti wophunzira akuthandiza mwana amene amatchula mawu onse bwinobwino, koma ukamufunsa zomwe wawerenga amangoti kakasi. Akalemba kuti "ndinamumvera chisoni", palibe malikisi. Akalemba kuti mwanayo amatha kulumikiza malembo ndi maliwu koma kumvetsa nkhani sikunabwere, n'kutchula mafunso omwe adzamufunse asanawerenge ndi akamaliza, pamenepo mphunzitsi wayamba kuumbika. Zolembazi zizibwera masabata awiri alionse, ndipo muziziyankha. Mukangozisiya, ena amabwerako atangolimbitsa maganizo olakwika omwe anapita nawo, monga akuti makolo osauka sasamala za sukulu, asanafunse n'komwe kuti makolowo amaweruka nthawi yanji kuntchito.

Za kukwezedwa, sindikubisirani: ingakuchedwetseni. Makomiti ambiri amayeza zinthu zitatu, kafukufuku, kuphunzitsa ndi utumiki, ndipo utumiki ndi umene umapepuka pa sikelo. Ntchito yanu ikangolembedwa kuti ndi utumiki, mwagwira mwambiri koma powerengera ndi pang'ono. Ernest Boyer, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, m'buku lake la mu 1990 lotchedwa Scholarship Reconsidered, anatsutsa kayezedwe kotere, nati kugwiritsa ntchito nzeru pothana ndi mavuto enieni komanso kuphunzitsa ndi ntchito za ukatswiri, mofanana ndi kutulukira zatsopano. Mayunivesite ena anasintha malamulo awo, ena ayi. Werengani a kwanuko mwezi uno, mufunsenso mkulu wa dipatimenti kuti ntchitoyi idzawerengedwa pati, ndipo yankho likhale lolemba.

Omwe afika pa upulofesa kudzera njira iyi amachita chinthu chimodzi: kosi, mgwirizano ndi kafukufuku amazisandutsa ntchito imodzi. Funso la kafukufuku limachokera kusukulu komweko. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu chitengeni musanasonkhanitse kanthu, pakuti zolemba za ophunzira anu simungangozitenga pambuyo n'kuzisindikiza popanda chilolezo chawo. Mphunzitsi amene mwagwira naye ntchito, ngati anathandiza kuganiza ndi kulemba, dzina lake likhalepo. Kotumiza kulipo, monga Michigan Journal of Community Service Learning, yomwe inayamba mu 1994, koma muzitumizanso ku magazini a phunziro lanu lenileni, chifukwa ndi omwe komiti yoona za kukwezedwa imawadziwa.

Semesita ikatha, bwererani kusukuluko ndi lipoti lalifupi, mumve zomwe zinawavuta, ndipo mupemphe kalata yonena zomwe zasintha. Kalatayo isungeni mu fayilo yanu ya kukwezedwa, ndipo musanachoke mugwirizane kuti ana aja aziwathandiza ndani mpaka gulu lina litabwera.