Mutu wa kafukufuku wanga aukana, ndichite chiyani?

Funso: Ndikuchita maphunziro a digiri ya uphunzitsi, ndipo ndinasankha mutu wakuti "Mavuto a maphunziro aulere m'Malawi", koma amene akundiyang'anira aukana. Kodi cholakwika n'chiyani? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, mutu wanuwu ndi wofunika ndithu, koma wakula kwambiri moti munthu mmodzi sangaufufuze n'kuumaliza. Kuyambira mu 1994, pamene boma linathetsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira kusukulu, nkhaniyi yakhudza kuchuluka kwa ana m'kalasi, kuchepa kwa mabuku, maphunziro a aphunzitsi ndiponso kusiyira sukulu panjira, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi kafukufuku payekha.

Sankhani chimodzi chimene mumachiona kuntchito kwanu, ndipo funso lanu litchule ana ake, malo ake ndi chimene mukayeze. Mungafunse kuti: kodi kuchuluka kwa ana m'kalasi kukukhudza bwanji kawerengedwe ka Chichewa ka ana a Sitandade 2 m'sukulu zinayi za m'zoni imodzi? Funso lotereli limakuuzani kumene mukapeze umboni, monga m'marejisitala ndi pomvetsera ana akuwerenga.

Pewaninso funso limene laweruza kale, monga lakuti "N'chifukwa chiyani maphunziro aulere analephera?", pakuti mukatero mudzangosonkhanitsa umboni wogwirizana ndi maganizo anu.